Kuno ku Migodi: Tsiku limene agogo analowa pansi opanda fosholo

Nditawauza amayi anga kuti tikukonza zopita ku Chinhoyi m'mwezi wa Ogasiti, anasiya kupeta mapira nandiyang'ana ndi nkhope ya mantha. "Wamwalira ndani?" Ndinayankha kuti palibe amene wamwalira, palibenso amene wagonekedwa m'chipatala. Tikungopita kukaona phanga. Anakhala chete kanthawi, kenako anatolanso lichero lawo. "Maenje onse ali kuno ku Silobela sakukukwanirani?"

Funso lawolo linali ndi mutu. Silobela ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kumadzulo kwa Kwekwe, pa msewu wopita ku Nkayi, ndipo aliyense amene anapondako kuno akudziwa kuti nthaka yathu ndi yobookabooka ngati sefa. Pali mgodi waukulu wa Jena, pali migodi yakale imene eni ake anaisiya, ndipo pali maenje osawerengeka a anyamata ofuna golide, amene kuno timawatchula kuti makorokoza. Mbuzi zimagweramo, ng'ombe zimathyokeramo miyendo. Kwa munthu wa kuno, dzenje ndi malo a ntchito, ndipo tsiku latsoka limasanduka manda. Kotero kutaya ndalama kuti ukaone dzenje la eni ake ndi chinthu chofunika kuchifotokoza bwino pamaso pa makolo.

Komanso ife zidzukulu za anthu obwera sitinazolowere ulendo wopanda chifukwa. Timakwera basi popita ku maliro, ku chipatala, ku ofesi ya ziphaso, kapena kokafuna ganyu. Ine ndemwe, pa ntchito yanga yolemba za chitukuko, ndafika m'maboma ambiri a dziko lino, koma nthawi zonse ndili ndi kope m'manja ndi lipoti londidikira ku ofesi. Lamulo la ntchito la Zimbabwe limapatsa munthu wolembedwa ntchito tchuthi cholipidwa cha pafupifupi mwezi umodzi pa chaka. Ambiri a ife timathera mweziwo m'munda kapena m'mizere ya m'maofesi. Mlimi ndiye alibiretu wompatsa tchuthi, kupatula tsiku la chisi limene anansi athu Achishona amasunga, losagwira khasu.

Galimoto imene tinayendera ndiyenera kuifotokoza, pakuti ndiyo inachititsa kuti ulendowu utheke. Msuweni wa amuna anga amawotcherera zitsulo ku Kwekwe. Zaka zingapo zapitazo anagula minibasi yotopa, nachotsamo mipando yakumbuyo. M'malo mwake anaikamo bedi la zitsulo lopindika, kabati ya ziwiya, mbaula ya gasi yomangidwa ndi mabawuti kuti isagwe, ndi sola padenga yoyatsira magetsi awiri ndi kutchajira mafoni. Azungu a m'mapulazi kale ankakoka makaravani popita ku Kariba, ndipo ife tinkangowaonera m'mbali mwa msewu. Iyi ndi karavani ya amphawi, yopangidwa ndi manja a munthu amene sanapiteko ku koleji. Ana anga anaitcha nyumba yoyenda. Ndalama ya mafuta ndi yobwereka galimotoyo inachokera ku chipereganyu cha amayi a ku ofesi kwathu, chimene kuno amati mukando. Anzanga anagulira yawo feteleza ndi malata. Ine nditanena chimene ndichite ndi yanga, ena anandiseka, ndipo sindikuwaimba mlandu. Chaka cha 2024, pamene boma linalengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse, nanenso ndikanamuseka munthu wotere. Koma mu 2025 mvula inatikomera mtima, nkhokwe inali ndi kanthu, ndipo agogo anali atakwanitsa zaka 87. Ndinaona kuti ndikadikira chaka china ndidzadikira mpaka kale.

Tinalipo 6: ine ndi amuna anga, ana athu awiri, agogo aamuna obereka amayi anga, ndi mnyamata wa zaka 19, mwana wa akulu anga, amene mwa chikhalidwe chathu ndi mwana wanganso. Mnyamata ameneyu anasiya sukulu ali Fomu 3 n'kuyamba chikorokoza. Ndivomere pano kuti sindinamutenge chifukwa chofuna wonyamula katundu, monga ndinamuuzira. Ndinkafuna kuti akhale masiku atatu kunja kwa dzenje.

Tinanyamuka m'bandakucha, kukuzizira monga kumachitira mu Ogasiti. Kuchokera kwathu kukafika ku Chinhoyi, podzera ku Kwekwe, Kadoma ndi Chegutu, ndi makilomita oposa 250. Agogo anakhala kutsogolo atafunda bulangete, ndipo tauni iliyonse ankaitchula ndi dzina limene anaidziwira: Que Que, Gatooma, Hartley, Sinoia. Ana ankawakonza, iwo osamva. Anachoka ku Dedza mu 1957, m'nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, atalembedwa ndi Mthandizi, bungwe limene linkatenga anthu ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mapulazi ndi m'migodi ya Southern Rhodesia. Anayamba ndi fodya, kenako analowa pansi, nakhalamo zaka 31. Anabwera kudzafuna ndalama ya njinga ndi suti kuti abwerere kwawo. Njinga anagula, suti anagula, koma kwawo sanabwerere. Anthu otere kumudzi amawatcha matchona, kuno amawatcha Mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, ngakhale munthuyo Blantyre sanaionepo. Chimene anatuluka nacho mu mgodi ndi chifuwa cha fumbi la miyala, chija chimawatsokomoletsa usiku wonse nyengo yachisanu.

Titafika pa Battlefields, pakati pa Kwekwe ndi Kadoma, phokoso la m'galimoto linazima lokha. Mu Febuluwale 2019 mvula yamphamvu inagumula damu kufupi ndi kumeneko, madzi nathamangira m'migodi ya Cricket ndi Silver Moon usiku, anthu ali pansi. Anthu 8 anatulutsidwa amoyo, mitembo yoposa 20 inavuulidwa. Mnyamata wanga anali wamng'ono pa nthawiyo, koma nkhaniyi amaidziwa bwino kuposa ine, pakuti m'maenje imakambidwabe. Anayang'ana pawindo osanena kanthu. Agogo anavula chipewa mpaka titadutsa.

Za tayala limene linaphulika titapitirira Chegutu, ndi za nsima imene inapsa mbali imodzi chifukwa tinaimika galimoto pamalo opendekeka, ndingodumpha. Tinafika dzuwa litapendeka. Mapangawo ali pa mtunda wa makilomita osakwana 10 kuchokera m'tauni ya Chinhoyi, pa msewu wopita ku Chirundu, ndipo amasamalidwa ndi bungwe la boma loyang'anira nkhalango ndi nyama, la ZimParks. Malowa anatetezedwa ndi lamulo mu 1955. Pali bwalo logonapo alendo obwera ndi matenti kapena magalimoto awo, ndipo ife tinaimika nyumba yathu pansi pa mtengo, pafupi ndi galimoto ina yaikulu yoyera ya alendo a ku South Africa, yokhala ndi firiji ndi bafa m'kati. Mwini wake anabwera kudzazungulira yathu, nagogoda bedi lija, nafunsa amene anaiwotcherera. Amuna anga anayankha monyada ngati kuti ndi iwo.

M'mawa mwake agogo anakana kutsika. "Tsiku limene ndinapuma ntchito ndinalumbira kuti ndidzalowanso pansi kamodzi kokha, ndipo mudzachita kundinyamula." Tinawasiya pa benchi ndi tiyi wawo, ife n'kutsata masitepe.

Munthu amene sanafikeko ndimuuze chonchi. Umalowa pa khomo la mwala, n'kumatsetsereka mu mpata wamdima wotakasuka, mphepo yozizira ikukuomba kumaso. Ukutsika choncho, kutsogolo kumayamba kuoneka kuwala kwachilendo, ndipo mwadzidzidzi mpata uja umatseguka. Pamwamba pali chibowo chachikulu chimene denga la phanga linagumukira kalekale, zipupa zake zotalika mamita oposa 40, thambo likuonekera kumwamba ngati pakamwa pa mtsuko. Pansi pali dziwe. Madzi ake ndi abuluu, buluu amene sindinamuonepo pa chitenje kapena pa penti, ndipo ndi odekha kotero kuti sudziwa pamene mwala wathera ndi pamene madzi ayambira. Azungu analitcha Sleeping Pool, dziwe logona. Mwana wanga wamng'ono, amene pakamwa pake sipatsekeka, anangondigwira dzanja. Mtundu umenewu palibe anathiramo mankhwala. Madzi akakhala oyera kwambiri ndi akuya, amameza kuwala kofiira kwa dzuwa n'kubweza kwabuluu. Akatswiri osambira pansi pa madzi atsikamo kupitirira mamita 100, napeza kuti ngalande zikupitirirabe pansi pa thanthwe. Madziwo satentha, sazizira: chilimwe ndi chisanu amakhala pa madigiri 22, chizindikiro chakuti ndi mbali ya nkhokwe yaikulu ya madzi a pansi pa nthaka imene dzuwa siliifika.

Titabwerera kumtunda ana anathamangira kwa agogo, aliyense kufotokoza zake. Iwo anamvetsera, kenako anafunsa funso la munthu wa mu mgodi. "Anakumba ndani?" Mwana wanga wamkazi, amene anali atawerenga chikwangwani, anati anakumba ndi madzi. "Nanga mizati anaika yamtengo kapena yachitsulo?" Atamva kuti mulibe mzati ngakhale umodzi, anaika kapu pansi. "Bodza limenelo. Dzenje lopanda mzati silikhala." Anatenga ndodo yawo, naitana mnyamata uja. "Iwe, ndigwire mkono. Ndikaone bodzali ndi maso anga."

Anatenga nthawi yaitali kutsika, akupuma pa masitepe angapo alionse. Chimene anachita atalowa mu mpata chinandidabwitsa. Madzi abuluu aja sanawalabadire poyamba. Anayang'ana kumwamba. Anakweza ndodo nagogoda mwala wa pambali pa mutu wawo, natchera khutu. Anasuntha pang'ono nagogodanso. Kenako anapatsa mnyamata ndodoyo.

"Menya apa. Wamva? Ukulira ngati belu. Mwala umenewu ndi wamoyo, ukhoza kugona pansi pake. Ukamenya n'kumva kuti phu, phu, ngati ng'oma yonyowa, dziwa kuti kuseri kwake kuli mng'alu, wasiyana ndi unzake, ukungodikira tsiku. Kwanuko mumagogoda musanayambe ntchito?"

"Timangoyang'ana ndi tochi, agogo."

"Maso amanama. Mwala umalankhula ndi khutu."

Anakhala pa sitepe, ndipo kwa nthawi yoposa theka la ola mdima wa phanga lija unasanduka kalasi. Ine ndakhalapo pa misonkhano yambiri ya chitetezo cha m'migodi, m'mahotela okhala ndi zakumwa ndi mapepala a pakhoma, koma sindinamvepo zinthu zikulongosoledwa momveka chotero. Anati m'masiku awo munthu woyamba kulowa pambuyo pophulitsa miyala ankanyamula chitsulo chachitali, nagogoda denga lonse, nagwetsa dala mwala uliwonse wolendewera anzake asanalowe. Anati akale posiya nsanamira za mwala m'migodi sanali opusa kapena osaona golide amene ali m'menemo: nsanamirazo ndizo zanyamula nthaka yonse ya pamwamba, ndipo wozikumba akudula nthambi imene wakhalira. Anati injini ya petulo yopopera madzi isalowe pansi, pakuti utsi wake sununkha, umangokugoneka tulo tosadzuka. Anati mitambo ikangoda, kumtunda kukhale munthu woyang'ana, ndipo mvula ikagwa usiku wonse, tsiku lotsatira ndi la kumunda. Mnyamata anayankha zimene onse amayankha, kuti mwini dzenje salola kutaya tsiku, ndi kuti nsanamira zakale ndizo zili ndi golide wambiri. Agogo sanakalipe. Anangoti, "Ndaika m'manda anzanga 9. Onse ankadziwa zimenezo."

Nkhani ya nsanamirayi si ya okumba okha. Mu Malichi 2023 pansi pa kalasi ina ya sukulu ya pulayimale ya Globe and Phoenix, m'kati mwenimweni mwa tauni ya Kwekwe, panagumuka ana ali m'kati, ndipo angapo anavulala. Pansi pa sukuluyo panali ngalande za mgodi wakale zimene anthu ankalowamo kufuna golide. Komabe amene amalankhula za makorokoza ngati zigawenga zokhazokha ayenera kukumbukira kuti m'zaka zapitazi okumba ang'onoang'ono ndiwo akhala akupereka kuposa theka la golide yense amene amagulitsidwa ku Fidelity, kumene lamulo limafuna kuti golide azigulitsidwa. Ng'anjo za ZISCO ku Redcliff zinazima mu 2008, ndipo mnyamata wa ku Silobela amene wasiya sukulu alibe makomo ambiri ogogoda. Dziko likudya thukuta la anyamatawa. Chimene sindimvetsa ndi chakuti m'makomboni athu muli nkhalamba zambiri ngati agogo, zodziwa kumvera mwala, zikungowothera dzuwa, pamene ife a mabungwe tikuitanitsa aphunzitsi kuchokera ku Harare. Inu ogwira ntchito m'midzi, pa msonkhano wotsatira wa okumba, kodi mudzaitana mkulu wa mgodi wopuma ngakhale mmodzi? Sadzafuna ndalama ya hotela. Tiyi ndi mpando wotsamira zikwanira.

Tsono za bodza lija. Atafika pa dziwe, agogo anayang'ana chibowo cha kumwamba nthawi yaitali, kenako anaseka. "Ndinanena ine. Denga linagwa. Lija ndi denga limene linalibe mzati." Ndipo ananena zoona. Miyala ya ku Chinhoyi ndi ya laimu ndi dolomaiti, yakale zaka zoposa 2 biliyoni. Madzi a mvula akamadutsa mu mpweya ndi m'nthaka yokhala ndi zomera zowola amatenga mpweya wa kaboni, n'kukhala ndi asidi wofooka, wosapweteka lilime koma wotha kusungunula mwala wa laimu pang'onopang'ono. Amalowa mu mng'alu wopyapyala ngati tsitsi, naukuza zaka zikwi ndi zikwi, mpaka mng'alu usanduka ngalande, ngalande isanduka chipinda, ndipo chipinda chikakula kuposa mphamvu ya denga lake, denga limagwa. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Kuno sanaiwale ngakhale khwawa la m'kati mwa thanthwe. Alimi mudziwenso kuti mwala womwewu, ukaperedwa, ndiwo laimu amene alangizi amatiuza kuthira m'munda wowawasa, ndipo wa dolomaiti amaonjezera ndi maginiziyamu m'nthaka.

Dzina lenileni la dziwelo ndi Chirorodziva, ndipo eni dera amalimasulira kuti dziwe la ogwa. Amati cha m'zaka za m'ma 1830 gulu la Angoni lopita kumpoto linapeza anthu akukhala pafupi ndi phangali, niliwaponyera m'madzimo. Zaka zimenezo zikugwirizana ndi ulendo wa Zwangendaba, amene anawoloka Zambezi ndi anthu ake mu Novembala 1835, tsiku limene dzuwa linachita kadamsana. Amuna anga makolo awo ndi Angoni a kwa Mpezeni, ku Chipata. Agogo atamva nkhaniyi anawatembenukira ndi chimwemwe chosabisika. "Mwamva, apongozi a mwana wanga? Ntchito za azigogo anu izi. Kwathu ku Dedza munatithamangitsira m'mapanga, kuno munaponya anthu m'madzi, lero mukudya nsima ya mdzukulu wanga." Amuna anga anayesa kufotokoza kuti a ku Dedza anali Angoni ena, a Maseko, koma mlandu unali utagamulidwa kale. Pali nkhani inanso ya chigawenga chotchedwa Nyamakwere, chimene amati chinkaponya anthu m'dziwemo mpaka chinaphedwa ndi mtsogoleri wina dzina lake Chinhoyi, amene tauniyo inatengera dzina. Anthu a Chinhoyi ankabisala m'mapangamo ndi kusungamo chakudya pothawa nkhondo za Amandebele. Mlenje wachizungu Frederick Selous anafikako mu 1887, ndipo mabuku akale ankalemba ngati iye ndiye anawatulukira, pamene anapeza anthu akuwagwiritsa ntchito.

Ndinaona kuti kulikonse kumene kuli dzenje lakuya, anthu ali ndi nkhani ya wina amene anaponyedwamo. Pa phiri la Zomba pali dzenje la Chingwe, ndipo nalonso lili ndi mbiri yotero. Koma agogo maganizo awo anali atapita kwina. Anayamba kukamba za mapanga a kwawo, a Chongoni, a Chentcherere ndi Mphunzi, kumene ali mnyamata ankabisala mvula poweta mbuzi, pansi pa zithunzi zofiira ndi zoyera zojambulidwa pa mwala. Ndinawauza kuti mu 2006 bungwe la UNESCO linaika malo a Chongoni, okwana 127, pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi, ndi kuti tsopano alendo amachokera kutali kukaona zithunzizo. Anapukusa mutu. "Kukaona pamene tinkawotchera mbewa?" Za zithunzi zoyerazo, zimene zina ndi za gule ndi chinamwali, anakana kunena zambiri pamaso pa ana.

Usiku umenewo, ana atagona m'galimoto, ndinakhala pa moto ndikuganiza za madzi aja. Mu 2013 mapanga a Chinhoyi analembedwa pansi pa pangano la Ramsar, loteteza madambo ndi malo a madzi ofunika pa dziko lapansi. Dziwe limene tinaona ndi windo chabe. Madzi omwewo ndiwo amene mijigo ya m'mapulazi a dera limenelo imapopa, ndipo dera la dolomaiti limeneli limadziwika kuti lili ndi mijigo yotulutsa madzi ambiri. Ambiri a ife madzi a pansi sitinawaonepo ali kwawo. Timawaona atatuluka kale pa mpopi, ndiye timaganiza kuti chitsime chilichonse chili ndi madzi akeake, ngati mtsuko. Si choncho. Madziwo amayenda, ndipo chimene mnansi wako wathira kumtunda chidzafika kwa iwe.

Kwathu ku Silobela mwala ndi wina, wolimba, wosasungunuka ngati wa ku Chinhoyi, ndipo madzi amayenda m'ming'alu yokha. Koma maenje athu atsegula njira zatsopano zimene chilengedwe sichinaike. Dzenje losiyidwa limene tasandutsa dzala, lotayamo mabatire, matewera ndi galu wakufa, ndi khomo lolunjika ku madzi amene tikumwa. Mekyule amene anyamata amagwirira golide satha, sawola. Akatsukira m'mbali mwa mtsinje wa Gweru amakhazikika m'matope, nalowa m'nsomba. Akawotchera golide m'khitchini, pa supuni, nthunzi yake imapumidwa ndi mayi woyembekezera ndi mwana ali kumsana, ndipo imaononga ubongo ndi misempha mwakachetechete. N'chifukwa chake mayiko anapangana pangano la Minamata mu 2013 lochepetsa mekyule. Chipangizo chotchedwa retort, chimene chimagwira nthunziyo n'kubweza mekyule kuti agwirenso ntchito, wowotcherera aliyense waluso angathe kuchipanga ndi mapaipi. Msuweni uja amene anasandutsa minibasi kukhala nyumba sangalephere. Makomiti a mijigo, pamene mukulemba malamulo a ndalama ya mwezi ndi maola otungira, yendaninso mamita angapo kuzungulira mjigo wanu, muwerenge maenje, zimbudzi ndi malo otsukira golide amene ali kumtunda kwake. Chitsime cha amayi anga chinaphwa mu 2024, ndipo mvula itabwerera madzi ake anabwera ndi mtundu umene sitinauzolowere. Sindinawayezetsebe. Ndikulemba izi ndi manyazi, ine wolemba timapepala touza ena kuyezetsa madzi.

Tsiku lomaliza tinalowa m'phanga lachiwiri, lotchedwa Dark Cave, la tinjira topapatiza ndi masitepe otsetsereka, kumene umaonera dziwe lija uli pamwamba. Agogo sanapite, miyendo inali itakana. Mnyamata wanga ndiye anatsogolera ana, atawerama mwa chizolowezi, dzanja limodzi likusisita khoma. Ndinamuona akugogoda denga ndi chala chopinda pamene ankaganiza kuti palibe akumuona. Titatuluka anandiuza chinthu chimene chandikhala pa mtima. "Amayi aang'ono, n'koyamba kulowa pansi osaopa. Sindinkadziwa kuti pansi pamakhala pokongola."

Ndikanakonda kukuuzani kuti anabwerera ku sukulu. Sanabwerere. Tinafika kwathu Lamlungu usiku, ndipo Lolemba m'mawa anali atavala kale magambutsi ndi tochi pamphumi. Koma asanapite anadzera kwa agogo, ndipo iwo anamutuma kuseri kwa nkhokwe, kumene kwa zaka zambiri kwakhala chitsulo chawo chachitali chadzimbiri, chimene kuno amati mugwara, chimene amayi akhala akukumbira maenje a mpanda. Anachinyamula pa phewa. Ngati anzake a m'dzenje adzamulola kutaya mphindi khumi akugogoda denga, zili kwa iwo ndi mwini dzenje. Akulu anga amati mvula ya Novembala ikayamba adzamutsekera m'nyumba, ndipo tonse tikudziwa kuti mnyamata wa zaka 19 satsekeredwa.

Amayi anaona zithunzi za pa foni, nakana kuti madziwo ndi enieni. Agogo anagona masiku awiri ndi kutopa. Tsiku lachitatu anaitanitsa amuna anga nawafunsa ngati nyumba yoyenda ija ingathe kupirira msewu wa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, mpaka pa chipata cha Dedza. Amuna anga anati galimoto ingapirire, vuto ndi mapepala. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa anthu obadwira muno amene makolo awo anachokera m'mayiko a SADC, ndipo amayi anga anathandizidwa nawo. Koma agogo anabadwira ku Nyasaland, chitupa chawo chimawatchulabe kuti mlendo, ndipo pasipoti sanakhalepo nayo chibadwire. Sabata yamawa ndatenga masiku awiri a tchuthi changa chotsala. Tikayambira ku ofesi ya ziphaso ku Kwekwe, ndipo ndawauza kuti anyamule bulangete, pakuti mzere wake umayamba kusanache.